Alan Mulally: Injiniya wa Ndege Amene Adadzutsa Kampani ya Magalimoto

Anthu okhala ku Area 25 ndi kwa Mgona mumzinda wa Lilongwe adazolowera kuona ndege zikupita kapena kuchokera ku bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi. Akuluakulu sacheukanso n'komwe, koma ana amasiya masewera n'kuyang'ana kumwamba kufikira ndegeyo itazimiririka. Ikapita amabwerera ku magalimoto awo a mawaya amene adapanga okha, okhala ndi chiwongolero chachitali ndi mateyala a zitsekerero za mabotolo. Kummwera kwa mzinda womwewu, m'magalaja a ku Biwi, amakaniko amakhalira kumasula ndi kumanga mainjini tsiku lonse, manja ali bii ndi oyilo.

Ndege ndi galimoto ndi makina awiri amene aliyense wa ife amawadziwa. Koma kodi tidayamba taganizapo za anthu amene amawalingalira, kuwajambula ndi kuwapanga? Nanga amene amatsogolera anthu zikwizikwi pa ntchito yotereyi amatani kuti chinthu chimodzi chituluke cholongosoka? Chimangirizo chino chikufotokoza mbiri ya Alan Mulally, injiniya wa ku America amene adagwira ntchito zaka 37 ku kampani yopanga ndege ya Boeing, kenaka n'kukatsogolera kampani yopanga magalimoto ya Ford kuyambira mu 2006 mpaka mu 2014. Tiona kuti chuma chachikulu chimene adasamuka nacho kuchokera ku ndege kupita ku magalimoto chidali chizolowezi chimodzi: kuulula vuto msanga, pamaso pa onse, nthawi yolikonza isanathe.

Ubwana ndi maphunziro

Alan Mulally adabadwa pa 4 Ogasiti 1945 mumzinda wa Oakland, m'chigawo cha California, koma adakulira m'tauni ya Lawrence, m'chigawo cha Kansas. Pamene adali mnyamata wa kusekondale, dziko la America lidali pa mpikisano ndi dziko la Soviet Union wofuna kuona amene angayambe kufika kumwezi. Mtsogoleri wa America pa nthawiyo, John F. Kennedy, adalonjeza mu 1961 kuti dziko lake lidzatumiza munthu kumwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe. Lonjezo limeneli lidamulowa mumtima Mulally, ndipo adatsimikiza zodzakhala mmodzi wa anthu ouluka kupita mumlengalenga.

Khumbo lakelo silidatheke. Atamuyeza maso adapeza kuti sankatha kusiyanitsa bwino mitundu ina ya zinthu, ndipo munthu wotero sankaloledwa pa ntchito imene iye ankaifunayo. Mulally sadataye mtima. Adaona kuti ngati sangathe kuuluka yekha, angathe kupanga makina oulutsa anzake. Adaphunzira uinjiniya wa ndege pa sukulu ya ukachenjede ya Kansas, kumene adalandira digiri yoyamba mu 1968 ndi yachiwiri mu 1969. Mmodzi wa aphunzitsi ake, Jan Roskam, adagwirapo ntchito ku Boeing, ndipo m'chaka chomwecho cha 1969 Mulally naye adalembedwa ntchito ku kampani imeneyi, m'dera la mzinda wa Seattle.

Phunziro loyamba la utsogoleri

Kampani ya Boeing idakhazikitsidwa mu 1916 ndi William Boeing. Pamene Mulally ankafika, kampaniyi idali itangotulutsa kumene ndege ya mtundu wa 737, imene idauluka koyamba mu 1967, ndi chindege chachikulu cha 747, chimene chidauluka koyamba mu 1969. Monga injiniya wachinyamata, iye adathandiza nawo pa ntchito zosiyanasiyana zokhudza ndege zimenezi. Mtundu wa 737 ndi umene Amalawi timaudziwa bwino, pakuti mu 1991 kampani ya Air Malawi idalandira ndege yatsopano ya Boeing 737-300 imene idatchedwa Kwacha.

Chifukwa cha khama lake, Mulally sadachedwe kukwezedwa kuti aziyang'anira anzake. Apa ndi pamene adakhumudwa koyamba. Iye mwini wakhala akusimba kuti injiniya woyamba amene adamupatsa kuti amuyang'anire adasiya ntchito. Chifukwa chake chidali chakuti chilichonse chimene injiniyayo ankalemba, Mulally ankachibweza kuti akachikonzenso, kawiri, katatu, mpaka munthu uja adatopa. Mulally ankafuna kuti mnzakeyo aziganiza ndi kulemba ndendende monga iye. Kuchoka kwa munthuyu kudamuphunzitsa kuti ntchito ya mtsogoleri si kusandutsa anthu onse kuti afanane naye ayi, koma kuwaonetsa kumene gulu likupita ndi kuwathandiza kuti luso la aliyense ligwire ntchito. Mu 1982 adawonjezera maphunziro a kayendetsedwe ka makampani pa sukulu ya Massachusetts Institute of Technology.

Ntchito yoyamba imene idamutchukitsa idali yotsogolera gulu lokonza chipinda cha oyendetsa ndege za 757 ndi 767. Kale ndege zazikulu zinkafuna anthu atatu m'chipindachi: oyendetsa awiri ndi wachitatu woyang'anira mainjini, mafuta ndi magetsi. Makoma a chipindacho ankadzaza ndi timawotchi tambirimbiri. Gulu la Mulally lidaikamo magalasi onga a wailesi ya kanema, ndipo makompyuta adatenga ntchito yambiri ya munthu wachitatu uja. Kuwonjezera apo, zipinda za ndege ziwirizi adazipanga zofanana kotero kuti woyendetsa amene waphunzira imodzi ankaloledwa kuyendetsanso inayo. Ndege ya 767 idayamba kunyamula anthu mu 1982, ndipo ya 757 mu 1983, chaka chimene bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidatsegulidwa.

Ndege ya 777

Mu Okutobala 1990 Boeing idayamba ntchito yopanga ndege yatsopano ya mainjini awiri yotha kuuluka maulendo ataliatali, imene idatchedwa 777. Poyamba Mulally adali mkulu wa mainjiniya pa ntchitoyi, ndipo mu 1992 adapatsidwa udindo woyang'anira ntchito yonse.

Kuti timvetse kukula kwa udindowu, tiyenera kudziwa momwe ndege zinkapangidwira kale. Ojambula ankajambula zigawo za ndege pa mapepala n'kuzipereka kwa amisiri a m'fakitale, amene nthawi zambiri sankafunsidwa maganizo. Wojambula mapaipi a mafuta ndi wojambula njira za mawaya a magetsi ankatha kuika zinthu zawo pa malo amodzi osadziwana, ndipo cholakwikacho chinkaoneka pamene amisiri ayamba kale kulumikiza ndege. Kukonza cholakwika pa nthawi imeneyo kunkadya ndalama zambiri ndi nthawi yaitali. Ndege ya 777 ili ndi zigawo pafupifupi 3 miliyoni, zopangidwa m'maiko osiyanasiyana. Mpata wolakwitsa udali waukulu zedi.

Boeing idasintha zinthu zitatu. Choyamba, ndege yonse idajambulidwa pa kompyuta, ndipo kompyutayo inkaonetsa ngati zigawo ziwiri zikulimbirana malo, chitsulo chisanadulidwe. Chachiwiri, adakhazikitsa timagulu toposa 200, ndipo m'kagulu kalikonse munkakhala ojambula, amisiri a m'fakitale, ogulitsa zipangizo ndi amakaniko amene adzidzakonza ndegeyo ikadzayamba ntchito. Chachitatu, makampani 8 onyamula anthu pa ndege, kuphatikizapo United Airlines, British Airways, Japan Airlines ndi Cathay Pacific, adaitanidwa kuti anene zimene ankafuna ndege isanajambulidwe. Ndondomeko yonseyi idatchedwa Working Together, kutanthauza kugwirira ntchito limodzi, ndipo mawu amenewa adalembedwa pa ndege yoyamba ya mtunduwu. Makolo athu adanena kale zomwezi m'mawu ochepa: mutu umodzi susenza denga.

Mulally ankasonkhanitsa atsogoleri a magulu onse sabata iliyonse, ndipo lamulo la msonkhano lidali lakuti pasakhale zinsinsi. Amene ntchito yake yatsalira m'mbuyo ankayenera kunena poyera, ndipo anzake sankaloledwa kumuseka kapena kumunyoza. Khalidwe limeneli n'logwirizana ndi mtima wa uinjiniya weniweni, umene umachita kufunafuna chofooka m'malo mochithawa. Mwachitsanzo, mu 1995 mainjiniya adatenga ndege imodzi ya 777 n'kuyamba kukoka mapiko ake ndi zingwe zachitsulo mwadala kuti aone pamene angathyokere. Mapikowo adathyoka mphamvu yokokayo itafika pa 154 peresenti ya mphamvu yaikulu imene ndege ingakumane nayo m'mwamba, pamene malamulo amafuna 150 peresenti. Adawononga ndege pansi kuti anthu asadzafere m'mwamba.

Ndege ya 777 idauluka koyamba pa 12 Juni 1994, ndipo idayamba kunyamula anthu pa 7 Juni 1995 ndi kampani ya United Airlines. Idaloledwa kuyambira pachiyambi kudutsa pamwamba pa nyanja zazikulu, m'njira zotalikira maola atatu kuchokera pa bwalo loti ingatere injini imodzi itazima. Chilolezo chotere chidali chisanaperekedwepo kwa ndege yongoyamba kumene ntchito.

Zaka za mavuto ku Boeing

Mu 1997 Boeing idalandira maoda ambiri kuposa amene mafakitale ake akadakwanitsa. Zipangizo zidayamba kusowa, ndege zosatha zidaunjikana, ndipo ntchito yolumikiza ndege za 747 ndi 737 idaimitsidwa kwa masabata angapo. Chaka chimenecho kampaniyi idaluza ndalama, chinthu chimene chidali chisanachitike kwa zaka 50. Mu 1998 Mulally adasankhidwa kukhala mkulu wa nthambi yonse yopanga ndege zonyamula anthu, ndipo adabwezeretsa dongosolo m'mafakitale.

Mpumulo sudakhalitse. Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga zidalanda ndege zinayi ku America, ziwiri za 757 ndi ziwiri za 767, n'kuzigwiritsa ntchito ngati zida zophera anthu. Anthu adachita mantha kukwera ndege, ndipo makampani ambiri adaimitsa maoda awo. Patangopita masiku ochepa Boeing idalengeza kuti ichotsa antchito okwana 30,000. Mu 2003 kampani ya ku Ulaya ya Airbus idapereka ndege zambiri kwa ogula kuposa Boeing kwa nthawi yoyamba. Mulally adasiya ganizo lopanga ndege yothamanga kwambiri yotchedwa Sonic Cruiser ataona kuti ogula ankafuna ndege yosamwa mafuta ambiri. M'malo mwake, mu 2004 adayambitsa ntchito ya ndege imene pambuyo pake idatchedwa 787. Kampani ya Ethiopian Airlines idali yoyamba mu Africa kulandira ndege ya mtunduwu mu 2012. Ndi kampani yomweyi imene idatenga magawo 49 pa 100 m'kampani yatsopano ya ndege ya dziko lathu, imene idayamba maulendo mu Januwale 2014 Air Malawi itathetsedwa mu 2013.

Ngakhale adagwira ntchito yotere, Mulally sadapatsidwe mpando waukulu wa kampani yonse ya Boeing. Mpandowu udakhala wopanda munthu mu 2003 ndiponso mu 2005, koma maulendo onse awiri adasankhidwa ena.

Mlendo ku Dearborn

Pa nthawi imeneyi kampani ya Ford idali pa mavuto aakulu. Kampaniyi idakhazikitsidwa mu 1903 ndi Henry Ford, munthu amene adachititsa kuti galimoto ikhale yotsika mtengo pogwiritsa ntchito mzere woyenda wolumikizirapo zigawo kuyambira mu 1913. Pofika mu 2006 ulemerero umenewu udali utazilala. Ford inkadalira kwambiri magalimoto akuluakulu omwa mafuta ambiri, pamene mtengo wa mafuta unkakwera ndipo ogula ankathamangira ku magalimoto a ku Japan monga Toyota ndi Honda. Idalinso itamwaza mphamvu zake pogula makampani ena monga Jaguar, Aston Martin, Volvo ndi Land Rover. Nthambi zake za ku America, ku Ulaya ndi ku Asia zinkayenda ngati maufumu osiyana, iliyonse ikupanga magalimoto akeake. M'chaka cha 2006 chokha Ford idaluza madola oposa 12 biliyoni.

Mkulu wa kampaniyi adali Bill Ford, mdzukulutuvi wa Henry Ford. Iye adachita chinthu chimene atsogoleri ambiri chimawavuta: adavomereza kuti katunduyo wamukulira, n'kuyamba kufunafuna munthu womuposa. Pa 5 Seputembala 2006 adalengeza kuti Alan Mulally ndiye akhale mkulu woyendetsa kampani.

Ambiri ku likulu la Ford ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan, sadakondwere. Munthu wosadziwa za magalimoto angatiuze chiyani? Ndiponso galimoto imene iye ankayendera pa nthawiyo idali Lexus, yopangidwa ndi Toyota. Ena atamukumbutsa kuti galimoto ndi makina ovuta, iye adawayankha kuti galimoto ili ndi zigawo zikwi zingapo, pamene ndege ili ndi zigawo mamiliyoni ndipo imayenera kukhalabe m'mwamba. Paja akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Popeza sadakulire m'kampanimo, Mulally adalibe gulu loti alikondere kapena zolakwa zakale zoti azibise.

Misonkhano ya Lachinayi

Chida chake chachikulu chidali chomwe chija cha ku Boeing. Lachinayi lililonse m'mawa akuluakulu a nthambi zonse ankakumana, ena m'chipinda momwemo, ena kudzera pa kanema kuchokera kumaiko akutali. Aliyense ankaonetsa momwe ntchito yake ikuyendera poyerekeza ndi zimene adalonjeza, ndipo ntchito iliyonse inkapatsidwa mtundu. Wobiriwira unkatanthauza kuti zonse zili bwino. Wachikasu unkatanthauza kuti pali vuto koma njira yolithetsera yapezeka. Wofiira unkatanthauza kuti pali vuto ndipo njira sinapezeke.

Masabata oyambirira mapepala onse ankabwera obiriwira okhaokha. Chifukwa chake chidali chodziwika. Kwa zaka zambiri ku Ford, munthu woulula vuto pa msonkhano ankakhala ngati wadzitchera yekha msampha, pakuti anzake ankapezerapo mwayi womugwetsa. Aliyense adaphunzira kubisa. Tsiku lina Mulally adaimitsa msonkhano n'kuwafunsa kuti zingatheke bwanji kuti kampani imene ikuluza mabiliyoni ikhale yopanda chinthu ngakhale chimodzi chimene chikuvuta. M'chipindamo mudangoti zii.

Amene adayamba kulimba mtima adali Mark Fields, mkulu wa nthambi ya ku America. Galimoto yatsopano yotchedwa Edge, imene inkapangidwa ku Oakville m'dziko la Canada, idapezeka ndi vuto pa chitseko chake cha kumbuyo, ndipo Fields adaimitsa kutumiza magalimotowo kwa ogulitsa. Lachinayi lotsatira adaonetsa pepala lofiira. Anzake adangoti kukamwa yasa, poganiza kuti ntchito yamuthera pomwepo. Koma Mulally adayamba kuwomba m'manja. Adamuthokoza chifukwa choonetsa zinthu momwe zidalili, kenaka adafunsa ngati padali wina amene angathandize. Nthawi yomweyo akuluakulu ena adalonjeza kutumiza akatswiri awo, ndipo vutolo lidakonzedwa. Anthu ataona kuti Fields akadali pa mpando wake, masabata otsatira mapepala adayamba kubwera a mitundu yonse itatu. Apa ndi pamene Mulally adayamba kuona matenda enieni a kampaniyo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo Ford idatsala pang'ono kufa imfa yomweyo.

Chikole ndi mkuntho wa 2008

Chakumapeto kwa 2006 Ford idakongola madola oposa 23 biliyoni kumabanki. Idapereka chikole pafupifupi katundu wake yense wa ku America: mafakitale, maofesi, ngakhalenso chizindikiro chake chobulungira cha buluu cholembedwa dzina la Ford. Ambiri adaona ngati kampaniyo yafika pothera. Koma Mulally ankafuna ndalama zokonzera mafakitale ndi kupangira magalimoto atsopano, komanso zosungira tsiku la tsoka.

Adagulitsa Aston Martin mu 2007, Jaguar ndi Land Rover kwa kampani ya Tata ya ku India mu 2008, ndiponso Volvo kwa kampani ya Geely ya ku China mu 2010. Ndondomeko yake adaitcha One Ford, kutanthauza Ford imodzi: mitundu yochepa ya magalimoto, yopangidwa bwino, yogulitsidwa pa dziko lonse. Chitsanzo chimene timachiona m'misewu ya Lilongwe ndi Ford Ranger imene idatuluka mu 2011. Idajambulidwa ku Australia, ndipo limodzi mwa mafakitale oipanga ndi la ku Silverton, ku Pretoria m'dziko la South Africa.

Tsiku la tsoka lija lidafikadi. Mu 2008 chuma cha dziko lonse chidagwedezeka, mabanki adasiya kukongoza ndalama, ndipo anthu adasiya kugula magalimoto. Chaka chimenecho Ford idaluza madola oposa 14 biliyoni. Mu Novembala akuluakulu a General Motors, Chrysler ndi Ford adapita ku Washington kukapempha nyumba ya malamulo kuti ithandize makampani a magalimoto. Adadzudzulidwa kwambiri chifukwa aliyense adapita pa ndege yapadera ya kampani yake, chonsecho akukadandaula za kusowa kwa ndalama. Ulendo wachiwiri, mu Disembala, Mulally adayenda pa galimoto.

General Motors ndi Chrysler zidalandira ndalama zachipulumutso kuchokera ku boma, komabe mu 2009 zonse ziwiri zidakagwada kukhoti kuti zalephera kubweza ngongole. Ford yokha ndiyo sidatero, chifukwa idali itatunga madzi chitsime chisanaphwe. Mulally adachirikizabe pempho la anzakewo, podziwa kuti akadagwa akadagwetsanso makampani opanga zipangizo amene Ford nayo inkadalira. Tiyenera kunenanso kuti mu 2009 Ford idalandira ngongole ina ya boma ya madola 5.9 biliyoni yothandizira kupanga magalimoto osamwa mafuta ambiri, kotero si zoona kuti sidakhudze konse ndalama za boma. M'chaka cha 2009 idapeza phindu la madola 2.7 biliyoni, mu 2010 phindu lidaposa madola 6 biliyoni, ndipo mu 2012 idawombola chizindikiro chake chija. Mulally adapuma ntchito pa 1 Julayi 2014. Amene adalowa m'malo mwake adali Mark Fields, yemwe uja wa pepala lofiira.

Mbali ina ya mbiriyi

Wophunzira mbiri sayenera kumangotamanda. Kupulumuka kwa makampani awiriwa kudali ndi mtengo wake, ndipo amene adaulipira kwambiri adali antchito wamba. Ku Boeing anthu zikwi makumimakumi adachotsedwa ntchito m'nthawi ya utsogoleri wake. Ku Ford ndondomeko yotseka mafakitale idayamba iye asanafike, koma iye adaipitiriza. Mu 2006 antchito a m'mafakitale pafupifupi 38,000 adavomera kulandira ndalama n'kusiya ntchito, ndipo mu 2012 kampaniyi idalengeza zotseka fakitale ya ku Genk, m'dziko la Belgium, imene inkalemba anthu oposa 4,000. Pa nthawi yomweyo malipiro a Mulally ankafika madola mamiliyoni ochuluka pa chaka, ndipo atsogoleri a mabungwe a antchito adadandaula poyera kuti izi sizidali zachilungamo.

Ndiponso si zonse zimene adayambitsa zimene zidayenda bwino. Ndege ya 787 idachedwa ndi zaka zoposa zitatu, ndipo idaperekedwa kwa wogula woyamba mu 2011. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti ntchito yambiri idaperekedwa kwa makampani akunja amene Boeing sinkatha kuwayang'anira bwino, ndipo ganizo limeneli lidamangidwa iye akadali mkulu wa nthambiyo. Ku Ford, magiyabokosi a mtundu wina amene adaikidwa m'magalimoto a Fiesta ndi Focus m'zaka zake adavutitsa ogula ambiri, mpaka nkhaniyo idafika kumakhoti. Izi zikuonetsa kuti ngakhale misonkhano ya Lachinayi sinkagwira vuto lililonse.

Komabe zimene zidachitika ku Boeing patapita zaka 12 iye atachoka zidatsimikiza kulemera kwa phunziro lake. Pa 29 Okutobala 2018 ndege ya Boeing 737 MAX idagwa ku Indonesia, ndipo pa 10 Malichi 2019 ina ya mtundu womwewo, ya Ethiopian Airlines, idagwa itangonyamuka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi. Anthu 346 adafa pa ngozi ziwirizi. Kafukufuku adapeza kuti m'ndegezo mudali pulogalamu ya kompyuta imene inkaweramitsa mphuno ya ndege yokha, ndipo oyendetsa sadauzidwe mokwanira za iyo. Mu 2021 Boeing idavomereza kuti antchito ake awiri adanamiza bungwe la boma loyang'anira za ndege pa nkhani ya pulogalamuyi. Chimene chikadayenera kulembedwa mofiira chidaonetsedwa ngati chobiriwira, ndipo mabanja a m'maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa muno, adalira maliro.

Phunziro kwa ife

Malawi alibe fakitale yopanga ndege, ndipo magalimoto ambiri a m'misewu yathu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Wina angafunse kuti mbiri ya munthu wa ku Kansas ikutikhudza bwanji. Yankho lili pafupi. Taganizani za mnyamata amene akuphunzira umakaniko pa galaja ina ku Biwi. Pomanga mabuleki a minibasi waona kuti bawuti imodzi yalumala mazinga ndipo sikugwira bwino. Akanena, mwina bwana wake amukalipira pamaso pa kasitomala. Akakhala chete, minibasiyo inyamula anthu opita ku Kawale, ku Area 23 kapena kwa Chinsapo. Chimene mnyamatayu angachite chimadalira kwambiri zimene adaona zikuchitikira mnzake amene adaulula cholakwa dzulo. Ngati mnzakeyo adanyozedwa, uyu atseka pakamwa. Ngati adathokozedwa n'kuthandizidwa, uyu ayankhula.

Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kulemekeza akuluakulu, ndipo ichi n'chuma choyenera kuchisunga. Koma ulemu umasanduka msampha pamene wamng'ono ayankha kuti zonse zili bwino, bwana, chonsecho akudziwa kuti denga likudontha. Ulemu weniweni ndi kumuuza mkulu zoona mwaulemu, nthawi ikadalipo. Nayenso mkulu ali ndi mbali yake, ndipo ndiyo yovuta koposa: kulandira uthenga woipa popanda kulanga wamthenga.

Ena mwa ophunzira a lero adzapita ku Lilongwe Technical College, ena ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kukaphunzira uinjiniya. Masamu ndi sayansi zidzawapatsa ntchito, monga momwe zidamupatsira Mulally mu 1969. Patapita zaka, ena mwa iwo adzapatsidwa anthu oti awayang'anire, kaya ndi pa galaja, pa chipatala, pa sukulu kapena mu ofesi ya boma. Tsiku lina wantchito wamng'ono adzaima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti pali chimene chalakwika. Nkhope imene mkuluyo adzaonetse pa mphindi imeneyo ndiyo idzagamule ngati adzamvenso zoona mawa lake.